Munda Wosalowerera Nkhondo ya Anyani

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma poti kuno ku Ntchisi ndi ana omwe akuidziwa, bola muimve kwa mwini manyazi.

Ine ndine mkamwini. Munda umene anatipatsa ine ndi amake Tadala uli m'mbali mwa phiri, ndi kamunda chabe, kopanikizika pakati pa minda ikuluikulu. Kumtunda kuli minda ya a Kachigamba, atsibweni a mkazi wanga, ndi mbumba yawo. Kumunsi kuli ya a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, ndi abale awo.

Chimanga chikayamba kukhwima anyani amatsika m'nkhalango, choncho mbali iliyonse ili ndi gulu lake lolinda, la agalu, malegeni ndi zitini zoomba. Magulu awiriwa samwerana madzi. Akumunsi amati akumtunda amawakusira anyani dala. Akumtunda nawo amanena zomwezo.

Chaka chatha mwana wathu Tadala anali atangosiya kuyamwa, ndipo kusikelo anatiuza kuti thupi lake silikukwera. Kamunda kaja ndiye kanali phala lake la chaka chonse. Mtima wanga sunkakhala pansi.

Loweruka lina a Kachigamba anafika pakhomo.

"Akamwini, Lolemba muyambe kulinda ndi ife. Nyani akakhudza munda wanu wakhudza tonse."

M'mawa mwake, tikutuluka m'tchalitchi, a Mbewe anandigwira dzanja osalisiya.

"Bambo a Tadala, madzi a m'munda mwanu amatsikira kwathu. Inu ndi wathu. Lolemba tikuoneni."

Ndinaganiza mozama. Ndikalowa kumunsi, atsibweni angathe kundionetsa msewu wa kwathu ku Mponela. Ndikalowa kumtunda, kutchalitchi ndizikakhala benchi iti? Apa ndipo ndinakumbukira History ya Fomu 3. Aphunzitsi ankati kuli kadziko kotchedwa Switzerland, kamene kanakana kulowa mbali iliyonse pa nkhondo zikuluzikulu, ndipo kanapulumuka.

"Amake Tadala," ndinalengeza, "banja lino ndi neutral. Sitilowa gulu lililonse."

Anandiyang'ana mwana ali kumsana.

"Anyaniwo mwawauza?"

Ndinangopukusa mutu. Nkhani za mayiko zimafuna kufatsa.

Ndinatumiza mawu aulemu mbali zonse ziwiri. Kenako ndinapita kumunda kukazula chidole choopseza mbalame, chifukwa chinkayang'ana kumunsi ndipo a Mbewe akanatha kuona ngati ndikuwaopseza. Galu wathu ndinamumangirira pakhomo. Ine mwini ndinasiya kupondako, kuopa kuti wina angandione ndi ndodo n'kunena kuti ndatenga zida.

Sabata yonse ndinkamva zitini zikulira kumtunda, agalu akuuwa kumunsi. Pakati, pamunda wanga, panali zii.

"Mukumva bata limenelo?" ndinawafunsa amake Tadala. "Ndiye mtendere umenewo. Sukulu ndi yabwino."

"Bata la kumanda nalonso ndi bata," anatero, akupepeta.

Lachisanu anapita kukathyola nkhwani. Sanachedwe. Anabwera ndi mtolo wa zitsononkho zatsopano n'kuutula pamapazi anga.

"A Switzerland, kalandireni alendo anu!"

Ndinathamanga. Zimene ndinaona sindidzaziiwala. Akumtunda akaomba zitini, anyani ankatsika. Akumunsi akamasula agalu, anyani ankakwera. Onse ankakumana pamalo amodzi okha opanda phokoso, opanda galu, opanda ndi chidole chomwe. Analipo amayi obereka ana, achinyamata, ndi nkhalamba zimene sizikanatha kuthamanga kwina kulikonse. Chinyani chachikulu chinakhala pachulu, chitsononkho kumanja, china kukhwapa.

"Iwe! Choka!" ndinakuwa.

Chinandiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza kudya.

Ndinaima pakati pa mapesi othyokathyoka, ndikuona nkhope ya Tadala. Misozi inalengeza. Ndinati basi, manyazi sadyetsa mwana, ndikalowa gulu lero lomwe.

Sindinayende mtunda. Pansi pa mtengo wa mango wa m'malire ndinapeza a Kachigamba ndi a Mbewe atakhala limodzi, akugawana nzimbe, anthu amene ngakhale pamaliro ankakhala motalikirana. Ndinanjuta.

"Makolo anga, ndinalakwa. Ndabwera kudzalowa. Kumtunda kaya kumunsi, kumene mungandilandire."

Anayang'anana. A Mbewe anatsokomola.

"Bambo a Tadala, musapupulume. Maganizo anu aja ife tawalemekeza kwambiri."

"Zoona akamwini," anatero a Kachigamba mwaulemu waukulu. "Chibadwire changa sindinaone chimanga changa chikukhwima chonse ngati chaka chino. A Mbewe nawonso akuti sanathyoleredwe ndi phesi limodzi lomwe."

"Koma mwana wanga adya chiyani?"

"Mdzukulu wathu sagona ndi njala. Tagwirizana kale. Akumtunda tipereka madengu athu, akumunsi awo."

Ndinawomba m'manja, mtima utatsika. Ndikudzuka, a Kachigamba anandiitananso.

"Chinthu chimodzi chokha, akamwini. Chaka chamawa mudzadzale pomwepo, ndipo mudzadzale msanga. Alendo anu aja amakonda chakucha bwino!"

Musanalengeze kuti simulowerera nkhondo, yambani mwafufuza ngati anyani anafika Fomu 3.