Thirela ya Mpunga wa Apongozi

Lolemba

Mlungu uno ndi wanga. Loweruka kuli chinkhoswe cha mlamu wanga Esinati ku Songani, ndipo mpunga wonse wa alendo ndinyamula ine kuchokera kuno ku Likangala. Pagalimoto yanga, osati panjinga ngati akamwini enawa. A Chikopa, ogulitsa matemba, andibwereka thirela.

Nkhani yeniyeni ndi iyi: ndatopa nacho chikamwini. Kwathu nyumba ndinamanga, malata ndinakhoma, koma apongozi akukanabe kuti mkazi wanga Agi ndimutenge chitengwa. Akuti aone kaye ngati ndili munthu wosamala zinthu. Aona Loweruka.

Lachiwiri

Wowotcherera wamata chitsulo chokokera kumbuyo kwa galimoto. Chokongola! Akuti pakufunikanso pini yotsekera ndi tcheni, kuti thirela ikamasuka isamayende yokha. Pini inatayika kalekale. Tcheni a Chikopa anamangira bwato kunyanja, ndipo akuti bwato lawo silingagone losamanga chifukwa cha chinkhoswe cha eni ake.

Zomwe ndili nazo:
msomali waukulu, wopindika pang'ono
mphira za chubu cha njinga, zambirimbiri

Kuno mphira imamanga chilichonse. Nkhumba yamoyo imakafika nayo kumsika. Wowotchererayo wangopukusa mutu. Nsanje basi.

Lachitatu

Ndikuyeserera kubwerera m'mbuyo. Ine kumanja, thirela kumanzere. Yamakani ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Mudzi wonse wasiya ntchito kudzaonerera, aliyense ndi malangizo ake, ngakhale amene sanagwirepo chiwongolero.

Galasi la m'mbali latsala pamtengo wa mango. Linzake linapita chaka chatha ndi dengu la wanjinga. Palibe kanthu, lamkati lilipo. Ndiponso ku Songani sindikupita chambuyo.

Lachinayi

Kupakira. Matumba ndawaika pakati, pamwamba pa matayala, monga anandilangizira a Chikopa. Ntchito yaukatswiri. Ndangopita kukasamba, pobwera ndapeza achibale a Agi awonjezera zawo kumchira: nkhuni, mapoto akuluakulu, mtondo, benchi. Mphuno ya thirela yayang'ana kumwamba, ikufuna kuzula msomali wanga.

Ndiwauze atsitse? Mkamwini asamakule mwendo. Ndawonjezera mphira.

Lachisanu

Agi watsogola pa kabaza kukathandiza zophika. Ali kale pakaliyala ndiye akundiuza: "Amayi mubwera nawo inuyo mawa. Mudzisunge."

Chibwerereni pamudzi pano, ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo m'maso kapena kulankhulana. Tikakumana panjira wina amapatuka. Mawu onse amadzera mwa Agi.

Ndakhala pachiwongolero kuti ndione. Galasi lamkati likuloza ndendende pomwe iwo adzakhale. Ndalipotolera kudenga. Ulemu choyamba.

Loweruka

Tanyamuka m'mamawa. Apongozi kumbuyo, thadzi la pachinkhoswe pamiyendo. Ine maso kutsogolo, khosi gwa.

Msewu wafumbi, mabampu okhaokha. Titawoloka kamlatho ka ngalande ndamva gu! Kenako galimoto yapepuka, ikuthamanga ngati yatsopano. Ndanyada. Injini yazolowera katundu.

Apongozi atsokomola. Atsokomolanso. Ndatseka windo, mwina ndi fumbi. Kenako ayamba kunong'onezana ndi thadzi lija, mawu ambirimbiri. Mkamwini woleredwa samvetsera zomwe sakuuzidwa iye. Ndakweza wailesi.

Ku Songani ndalowa ndikuliza hutala. Azimayi nthungululu, kuthamangira kumbuyo kwa galimoto ndi malichero. Nthungululu zija zii. Pachitsulo pakulendewera mphira zokha.

Apongozi atsika, akonza chitenje, n'kuuza Agi ndili pomwepo: "Auze amuna akowa kuti mpunga unatsika pakamlatho. Ndakhala ndikuiuza nkhukuyi njira yonse."

Thirela ndaipeza itagona chagada m'ngalande. Sinapweteke munthu, Mulungu ngwabwino. Mpunga wamwa madzi mpaka matumba aphulika. Mtondo sukuoneka. Akuchimuna adya chinangwa chophika, mwaulemu kwambiri, akundiyang'ana.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. A Chikopa atumiza uthenga: akufuna thirela yawo ili choimirira. Abakha a mudzi wapafupi ndi kamlatho akhuta.

Masana Agi wabwera ndi yankho la chitengwa. Wandikhazika pamkeka kaye, ndiye ndadziwiratu. Ndamupempha anene momwe anenera eni ake.

"Akuti ulemu muli nawo, sakutsutsa. Koma munthu amene amafika ku Songani osadziwa kuti chomwe amakoka chatsala m'njira, iwo sangamupatse mwana wawo kuti apite naye."

Zandiwawa, ndisaname. Nyumba yanga ija muzigonabe mileme.

Agi akuti amayi anenanso kuti khasu lili kuseri kwa chitseko, munda wawo wakudambo ukudikira. Mawa m'mamawa. Wapansi.