Mphuno ya a Dunstan

Ku Pangani, dera la mzinda wakunja komwe tinkakhala, kunalibe Mmalawi amene a Dunstan sanamununkhizepo. Ena amapereka moni ndi dzanja, iwo ankatsogoza mphuno. Ukamati "Mwadzuka bwanji?" anali atafika kale pakolala.

"Achimwene, mwatsukuluza kamodzi kokha. Mudzikanda mpaka Khirisimasi."

Anali dalaivala ku Gigiri, koma paunyamata ankachapa pahotela ina ku Limbe, komwe mankhwala oyeretsera nsalu anawasandutsa manja khungwa. Kuyambira pamenepo sopo waufa anali mdani wawo. Malaya awo ankachapira sopo wamtanda ndi mandimu, moti njuchi zinkawaperekeza kutchalitchi.

Tsiku lina m'matatu, minibasi yakumeneko, ananunkhiza kondakitala.

"Mzee, una shida?"

"Shida? Vuto lili ndi iwe, mwanawe. Taona zidzolo pakhosi pakopo!"

Anawatsitsa asanafike, iwo n'kumaliza ulendo wapansi akumumverabe chisoni.

Amene ankawazemba kwambiri anali a Vailet, a nyumba yapamwamba. Pamdadada wathu ulemu wa mayi unkaoneka pachingwe, ndipo matewera awo ankayera mpaka kuthobwa m'maso. Ankawaviika m'mankhwala tsiku lonse. Koma khanda lawo, Lizzie, linali ndi zilonda m'ntchafu, likulira osapuma. Mafuta akuchipatala ku Parklands ankathandiza sabata imodzi, zilonda n'kubwerera.

Loweruka lina a Vailet anapeza a Dunstan akuanula matewerawo.

"Bambo, mwapenga? Zovala za mwana wanga!"

"Mlongo, mukuchapira mwana kapena aneba?"

"Ndiyanike zotuwa, andiseke?"

"Akusekeni. Amene akulirayu saseka."

A Vailet anafuna kulalata, koma Lizzie anawaposa mawu. Mayiwo anakhala pasitepe manyazi ali tho, bambo wamkulu atapinda malaya, akuwiritsa matewera, kuchapa ndi sopo wamtanda, kutsukuluza katatu, kenako padzuwa. Matewera anatuwadi, ndipo aneba ananena zawo. Pasanathe mwezi Lizzie ankagona mpaka kumudzutsa.

A Dunstan anamwalira mu 1986, thupi n'kupita kwawo ku Ntcheu. Masiku ano timakwera masitepe mwamtendere, ndipo mtenderewo sukoma. Tonse ndife aulemu, aliyense amaona zake.

M'nyumba ya malemuwo munalowa banja lina lochokera ku Zomba. Chingwe chawo chimayera mbee, khanda likulira. A Vailet anapirira masiku anayi, akudikira wina wopanda manyazi. Lachisanu anapumira m'mwamba, anatenga sopo wamtanda, n'kukagogoda.