Timapepala ta kumbuyo kwa chithunzi cha amayi

Mpaka lero amayi akandiona ndikupala chinthu ndi mpeni amangotuluka m'nyumba, ndipo sindingawaimbe mlandu.

Kwathu kuli (kunali, ndinene bwino) kachithunzi kopenta pathabwa, kakang'ono ngati mbale ya ndiwo: phiri limodzi ndi mbuzi ziwiri zowonda. Anakajambula ndi mzungu wina wapaulendo kalekale, Chipata isanakhale tauni, n'kupatsa agogo awo a amayi amene ankamunyamulira katundu. Kachithunziko kayenda kuposa ine. Kanaonetsedwapo pa chikondwerero cha parishi, pa chionetsero cha zaulimi, kusukulu, ndipo aliyense wobwereka ankamata kapepala kumbuyo kolemba malo ndi dzina la mwini wake. Timapepala takale tinali ndi dzina la bambo awo a amayi, totsatira dzina la amayi. Amalume a ku Kapata, amene akhala akunena kuti kachithunziko n'kawo, ankagonja ndi timapepala timeneti basi.

Chaka chatha a kutchalitchi anakapemphanso, ndipo amayi anatuma ine, mwana wophunzira, kuti ndikapereke. Nditakatembenuza ndinachita manyazi. Timapepala tachikasu, todyedwa ndi mphemvu, guluu wakuda bii. Ndinati anthu angatiseke. Ndinatenga mpeni ndi madzi ofunda n'kupala zonse mpaka thabwa linati mbee (ndinapakanso vanishi, poti uchitsiru wanga susiyira ntchito panjira).

Tsiku la chionetsero tinapeza amalume ataima pafupi ndi kachithunziko atavala jekete, pansi pake palembedwa dzina lawo, poti anali atauza akomiti a chionetserocho kuti n'kawo. Amayi sanakangane nawo. Anauza mkulu wa komiti kuti angokatembenuza awerenge okha. Anakatembenuza. Anthu onse anaona thabwa losalala, lonyezimira bwino.

"Alongo, tiwerenge pati?" anafunsa amalume mofatsa.

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi, n'kuulula ndi mawu osamveka bwino kuti ndinkafuna kaoneke kaukhondo.

Akomiti anati za m'banja salowerera, ndipo chionetsero chitatha anakapereka kwa mwini dzina lolembedwa pansi. Panopa kali ku Kapata, pamwamba pa kabati. Zimandiwawa, makamaka poti amalume akakumana nane amandithokoza pagulu kuti ndili ndi manja abwino. Ndaphunzira kusakhudza zinthu zakale, koma ndaphunzira m'nyumba mulibenso chakale choti n'kukhudza.

Amayi sanandikalipire. Anangondifunsa kamodzi kuti, "Dzina la bambo anga lomwe, linakulakwira chiyani?" Pakhoma patsala msomali, ndipo akukana kuti ndiuzule.