Mafunde Odutsa pa Manda

Lolemba
Ntchito ya sabata ino: kulumikiza kachipatala ka mishoni kupitirira Ndunde ndi nsanja ya paphiri cha ku Njuli, kuti anamwino aziitana ambulansi osakwera pachulu kusaka netiweki. Mbale ziwiri zotumiza ndi kulandira mafunde a netiweki, zoyang'anizana, wailesi kuno, wailesi uko. Ine ndili kuchipatala, mnzanga wa ntchito a Likhutcha ali kunsanja. Timagetsi tosonyeza mphamvu ya mafunde tayaka tinayi mwa tisanu. Lachisanu abwana a ku Blantyre adzandigwira chanza.

Lachiwiri
Timagetsi titatu. Ndakwera pomwe pali mbale kuti ndione njira ya mafunde: minda ya nandolo, dambo, kenako mitengo italiitali ya kumanda. Pakati penipeni! Ndakweza mphamvu yotumizira pang'ono.

Lachitatu
Tiwiri. Ndikakweza kuno, mbali inayo ikutsitsa. Ndikakwezanso, ikutsitsanso. A Likhutcha akundiseweretsa. Mayi wogulitsa zitumbuwa pageti akuti, "Achimwene, anthu ogona sawakuwira."

Lachinayi
Ndaimbira a Likhutcha kuti ndiwakalipire. Akuti ali ku Mbulumbuzi kuyambira Lolemba masana, mwana wawo akudwala, ndipo kiyi wa kanyumba ka kunsanja ali m'thumba mwawo. Nanga akutsitsayo ndani?
Zomwe ndayesa:
kusintha chingwe,
kupukuta mbale ndi malaya anga,
kuwerenga buku la makinawa (masamba apakati chinadya chiswe),
kupemphera.

Lachisanu
Abwana afika. Pofuna kuwaonetsa luso, ndakweza mphamvu mpaka pamapeto. Timagetsi tonse thima, dzuwa lili paliwombo. Mufoni ya anamwino mukumveka kupuma kokha, ngati wina wanyamula foni koma sakufuna kuyankhula. Abwana akuti palibe chodabwitsa: wailesi ukaithira mphamvu zambiri imagontha, ndipo makinawa amadzitsitsa okha. Akufotokoza zimenezi mwendo umodzi uli kale m'galimoto, maso ali kumitengo ija. Tiyi amene anamwino anawakonzera ndamwa ndine.

Loweruka
Ndapita kwa adzukulu, okumba manda, kukapempha kuti tisadze nthambi ziwiri zokha. Wamkulu wawo wandifunsa mwaulemu dzina langa ndi mudzi wa kwathu, "kuti tidziwiretu kotumiza uthenga." Chikwanje ndabwera nacho chili m'thumba. Nditabwerako ndatsitsa mphamvu mpaka pansi penipeni, makina akungonong'ona. Timagetsi tisanu! Sindinauze munthu.

Lamulungu
M'mawa uno mayi wina wavutika pobereka. Anamwino aimba kamodzi kokha, mawu omveka bwinobwino, ambulansi yabwera, mwana wabadwa wamoyo. Ndalemba ndi penti pabokosi la wailesi kuti OSAKWEZA. Mu lipoti ndalemba kuti vuto linali mitengo, ndipo si bodza. Popita kwathu ndasiya njira yachidule ya kumanda, ndadzera kumsika, njira yotalikirapo ndi ola lathunthu. Miyendo imafuna kuwongola.