Ndinalonjeza Kutsegula Chitseko cha Eni Ake

Tswa, tswa, tswa, tswa. Ndi mmene zimamvekera zala za anthu ambiri zikamathyola tiyi m'mawa, masamba akadali ndi mame. Phokoso limeneli ukalizolowera sulimvanso, umadzalizindikira tsiku limene laleka. Ine ndinalimva likuleka kamodzi, munda wonse zii, maso onse ali pa ine.

Ndiyambe ndanena kuti ine si munthu wolankhula. Makolo anga anamwalira ndisanagwire nkhope zawo, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo, m'malaini a pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Agogo amalankhula mokwanira anthu awiri, choncho ine inanditsalira ntchito yoyang'ana. Alendo ankatha kucheza m'nyumba mwathu mpaka tiyi kuzizira, kenako n'kufunsa kuti, "Mwana uja ali kuti?" ine ndili pampando woyang'anizana nawo.

Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinalowa ntchito ya sizoni, ija imayamba ndi mvula n'kutha mvula ikatha. Kusikelo, kumene tinkakayezetsa masamba, kunali kalaliki wachinyamata wa ku Rumphi, dzina lake Wongani. Ndi amene anandiika m'mavuto. Tsiku lina anandithirira mufoni nkhani yojambula ya ku Japan, zija amati manga, yomasuliridwa m'Chingerezi. (Masiku oyamba ndinkawerenga kuchokera kumanzere ngati buku la kusukulu, osadziwa kuti iwo amayambira kumanja, moti anthu ankayamba kugwa kenako n'kumenyedwa. Ndinkangoti n'chikhalidwe chawo.)

Nkhaniyo inali ya mnyamata wogulitsa mchere ndi bulu wake. Kwawo kuli phiri lalitali, pamwamba pake pali kanyumba kotseka, ndipo m'kanyumbamo muli belu limene limalira mfumu ikatsala pang'ono kufa. Woliza belulo palibe amene anamuonapo. Amayi a mnyamatayo anakwera kuti akaone, osabwerako. Ndiye iye anamanga mchere pa bulu, n'kuyamba kukwera. Wolembayo anaiyamba nkhaniyi ine ndisanabadwe, amatulutsa chigawo chimodzi pa mlungu, ndipo mnyamata uja akukwerabe.

Tsiku lina ndikuthyola, mutu uli kuphiri kuja, ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu: "Usamukhulupirire ameneyo, ndi mfiti!"

Mzere woyandikana ndi wanga unali wa amake Tereza, mayi wa ku Phalombe amene ankabwera sizoni iliyonse, wa manja achangu ndi pakamwa pachangu. Anaima, dengu lili kumsana.

"Mfiti ndani? Tchula dzina, mwanawe, tonse timve."

Mawu amenewo m'munda mwa anthu sungawasiye m'malere. Ndinayenera kufotokoza kuti mfitiyo ndi ya mufoni, ndipo kuti ndifotokoze za mfiti ndinayenera kuyambira pa belu. Pofika nthawi yoyezetsa, amake Tereza anali atandifunsa katatu kuti, "Ndiye kenako?"

M'mawa mwake anthu ankakanganirana mizere yoyandikana ndi wanga. Pakutha pa mlungu gulu lathu lonse linkayenda mondizungulira ngati nkhuku pa mphale. Ndikachedwa, dengu langa linkalandira masamba kuchokera kumanja ndi kumanzere, kuti manja anga apume koma pakamwa pasapume. Akapitawo poyamba anakalipa, kenako anayamba kupeza zifukwa zoyenderera mzere wanga wokhawokha. Ine amene alendo ankandiiwala pampando, anthu akuluakulu ankandisungira nthochi n'kumandiitana kuti "achimwene a belu." Musandiweruze msanga. Zinkakoma.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sindinawauze, ndipo sindinaganize n'komwe kuti n'chofunika kunena: nkhaniyo inali isanathe. Kwathu kuno wofotokoza nthano amadziwa kumene ikuthera. Ngakhale mnyamata womasulira filimu pa vidiyo ya pamsika amakhala ataionera kale mpaka kumapeto. Anthu aja ankaona ngati mapeto ndili nawo m'thumba, ndikungowapatsa pang'onopang'ono ngati shuga wa alendo. Ndipo ine ndinkathamanga. Zimene wolembayo anajambula chaka chathunthu ine ndinkazimaliza tisanamwe phala. Nkhondo ya m'phanga ndinaidula, ukwati wa mwana wa mfumu ndinaudumpha. Mvula itayamba kuchepa ndinapezeka kuti wolemba uja, mdala wa ku Japan, ndamupeza panjira, ndaponda pachidendene chake, kutsogolo kulibenso kanthu.

Apa n'kuti gulu litagawanika. Amake Tereza ankati woliza belu ndi amayi a mnyamatayo, palibenso wina, "mayi sangosowa chabe." Akapitawo ankati ndi nyani. Mkulu wina wa mpingo ankati ndi mphepo, ndipo nkhani yonse ikutiphunzitsa kusatsata zachabe (koma sanajombepo tsiku limodzi). Ine maganizo anga sindinkanena. Ndinkangofuna kuti amake Tereza akhale olondola.

Kenako chinatuluka chigawo chimene chinandipha. Mnyamata uja anafika pamwamba. Patsamba lomaliza panali dzanja lake lili pa chitseko, ndipo m'munsi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti mlungu wamawa chinsinsi cha belu chidziwika. Tsiku lotulukira chigawo chotsatiracho linali lomwelo lotsekera sizoni, anthu asanabalalike kupita kwawo.

Ndinathamangira kusikelo. Wongani anayang'ana foni, n'kuyang'ana ine, n'kupukusa mutu.

"Aise, munthu ameneyu ndinayamba kumutsatira ndili ku pulayimale. Analembaponso chimodzimodzi mnyamatayo atapeza nsapato ya amayi ake. Ukudziwa zinatenga zaka zingati kuti tidziwe kuti nsapatoyo inali ya wina? Usalonjeze munthu."

Ndinamuthokoza chifukwa cha malangizo, n'kubwerera kumunda kukalonjeza.

"Palibe amene akwere galimoto asanadziwe woliza belu," ndinatero, dzanja lili pachifuwa. Anthu anaimba nthungululu.

Zikanathera m'gulu lathu mwina zikanachepa. Koma agogo anamva. Iwo nkhaniyo sankaikonda kwenikweni, ankangofunsa kuti mnyamata wokwera phiri zaka zonsezo munda wake akumulimira ndani. Chimene anamva iwo n'chakuti anthu adzasonkhana malo amodzi, ndipo agogo amagulitsa zitumbuwa. Anafalitsa uthenga kuchigayo, kumjigo, ku Mvano, mpaka kwa anthu a mbali ya Chimaliro amene belulo anali asanalimvepo. Madzulo oti mawa lake ndi tsiku lomaliza amake Tereza anabwera kudzandilanda foni, n'kuimanga pamfundo ya chitenje.

"Ungaone wekha usiku, mawa n'kumatinamiza nkhope. Tikatsegulire limodzi."

Linafika tsikulo. Netiweki m'munda muja imagwira bwino ukakwera pamwamba, choncho akapitawo anandiloleza kuimirira pa ngolo ya thirakitala, pamwamba pa matumba a masamba. Anthu ankathyola mizere yomaliza mondizungulira, magulu ena atasendera pafupi, agogo ali pamsewu ndi beseni lodzaza. Ngakhale bwana wamng'ono wa kuofesi anaimitsa njinga yake yamoto, akunamizira kuyang'ana ngalande. Amake Tereza anamasula mfundo, n'kundipatsira foni ndi manja awiri.

Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira. Tsamba loyamba linatseguka.

"Dzanja lili pa chitseko!" ndinakuwa. "Akukankha! Chitseko chikulira!"

"Kankha, mwana wanga!" anatero amake Tereza.

Tsamba lachiwiri. Bulu uja akuyang'ana chitseko. Ndinamasulira mmene zinalili, poti ndinkawerenga ndi kunena nthawi imodzi, mpata wokonza bodza panalibe.

"Bulu akuyang'ana chitseko. Akuti fungo la matabwawo likumukumbutsa khola limene anabadwiramo."

"Chabwino, apatuke," anatero akapitawo.

Sanapatuke. Tsamba lachitatu linali la khola. Lachinayi, kabulu kakuphunzira kuimirira. Lachisanu, kabulu kakuyamwa. Ndinayamba kuthamangitsa chala, mawu akuchepa, thukuta likutsikira m'makutu. Kabulu kakuthamangitsa gulugufe. Amake a kabulu akugulitsidwa pamsika. Kabulu kali pamvula. Kenako tsamba loyera, lokhala ndi mawu ochepa pakati, ndipo chifukwa cha mantha ndinawerenganso amenewo mokweza: wolemba akupita kokapuma kwa miyezi ingapo, akuthokoza owerenga onse chifukwa cha kudekha kwawo.

Ndi pamene phokoso lija linaleka. Zala zonse zinaima pa masamba. Kutali kunkamveka njiwa imodzi yokha, nayonso ngati ikundiseka.

"Pitiriza," anatero amake Tereza mofatsa.

"Yathera pomwepa, mayi."

"Bweretsa kuno."

Anatenga foni, n'kuyamba kukankha ndi chala chawo chakuda ndi utomoni wa tiyi. Chingerezi sankawerenga, koma zithunzi sizifuna sukulu.

"Bulu. Bulu. Bulu. Uyunso bulu." Anakweza foni kuti onse aone. "Anthuni, ndi abulu okhaokha!"

Pamenepo munda unaphulika. Wina ankati ndabisa tsamba. Wina ankati ndinkadziwa kuyambira kale. Amayi ena anayamba kundinena m'Chilomwe poganiza kuti sindimva (ndimamva, ndipo zina mwa zimene ananena zinali zoona). Mkulu wa mpingo uja, amene ankati n'zachabe, ndi amene anakalipa kwambiri.

"Muimbireni foni mwini wakeyo!" anatero akapitawo. "Ali ndi nambala? Amuuze iyeyu, iyeyu atiuze ife. Sitiuza munthu."

"Sizitheka, akapitawo. Anthu a dziko lonse lapansi akudikira."

"Kuyambira liti?"

"Ine ndisanabadwe."

"Ndiye palibe amene anapitako kukamuona? Alibe abale? Alibe amalume oti amukhazike pansi?"

Apa munthu wanzeru akanakhala chete, ndipo kukhala chete ndi ntchito imene ndinaidziwa moyo wanga wonse. Koma sizoni imodzi yomvedwa inali itandiwononga. Ndinakweza dzanja n'kuyamba kumuikira kumbuyo mdala wa ku Japan.

"Tamverani kaye. Wolemba ameneyu sajambula chinthu pachabe. Mwina buluyu ndi wofunika kwambiri. Mwina ubwana wake..."

Sindinamalize. Dalaivala wa thirakitala, amene sizoni yonse ankazimitsa injini kuti amve nawo, anatukwana kamodzi, n'kuiliza. Ngolo inagwedezeka, ine chagada m'matumba a masamba, miyendo m'mwamba. Sanaime. Anandidutsitsa pamaso pa magulu onse, pamaso pa bwana wamng'ono, pamaso pa agogo ndi beseni lawo, mpaka kufakitale, kumene mlonda wa pageti anafunsa ngati nanenso ndikukayezedwa.

Ndinabwerera wapansi, modzera m'mitengo ya bulugamu kuti ndisakumane ndi munthu. Kunyumba ndinapeza foni yanga ili pawindo ndi beseni la zitumbuwa lili patebulo, losagulidwa ngakhale theka. Agogo, kwa nthawi yoyamba chibadwire changa, sanalankhule. Anangondikankhira besenilo. Tinadya zitumbuwa m'mawa, masana ndi madzulo mpaka zinayamba kulimba ngati miyala.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kuti usamalonjeze chinthu chimene chili m'mutu mwa munthu wina, makamaka ngati munthuyo ali kutsidya kwa nyanja ndipo amakonda kupuma. Koma kuwerenga sindinasiye. Pamene ndikulemba pano chitseko chija chikadali chotseka, dzanja likadali pomwe paja, ndipo tili mkati mwa mbiri ya munthu amene anagula amake a bulu. Mlungu uliwonse ndimatukwana, mlungu uliwonse ndimagula bandulo.

Chimene chinkandiwawa usiku wa tsiku lija sichinali kugwa. Ndinkaganiza kuti basi, ndabwerera pampando wanga wakale, palibenso adzandifunse kuti, "Ndiye kenako?" M'mawa mwake anthu a sizoni ankanyamuka, ndipo ine ndinakabisala kuseri kwa nyumba, ndikunamizira kukonza khola la nkhuku. Ndinamva kabaza akuima kutsogolo, kenako mawu a agogo: "Ali kuseriko, wa abuluyo."

Anali amake Tereza, atavala chitenje chatsopano cha paulendo, dzanja limodzi lili kumbuyo. Ndinagwada pang'ono, maso pansi, ndikudikira zotsala za dzulo.

"Pepani, mayi."

"Pepani wako ndikadyera chiyani ku Phalombe? Ana anga ndinawauza kuti ndikubwera nayo yonse." Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina akumva. Kenako anatsitsa mawu. "Koma kabulu kaja. Amake atagulitsidwa, anadzaonananso?"

"Sizinadziwikebe, mayi."

"Mxii! Munthu woipa mtima ameneyo."

Anatulutsa dzanja lija. Munali kambande ka peyala, kobzalidwa m'pepala la shuga, kali ndi masamba atatu okha.

"Kabzale pabwino, uzikathirira. Ine ndizibwera sizoni iliyonse kudzaona. Tione ayambe ndani, mtengowu kubereka kapena mdala wakoyo kutsegula chitseko."

Anandiika kambandeko m'manja, dothi lake likadali lonyowa, n'kuzungulira nyumba kupita kwa wakabaza, amene anali atayamba kale kuliza belu.