Nkhondo ya a Howard ndi Mphale ya Mayi Asiatu

Tcherani khutu inu a m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, inu okazinga chambo ndi inu otsatsa madzi ozizira pa mawindo a basi, ndipo a kabaza tsamiritsani njinga zanu, pakuti ndifuna ndikambe za masiku oopsa aja, m'chaka chimene mafuta a galimoto ankasowa ngati chilungamo, mwezi wa Okutobala umene phula limafewa ndipo agalu amachita ulesi kuuwa, pamene dziko la kuseri kwa Nkope linagwedezeka chifukwa cha khonde la simenti losafika ndi theka lomwe la bwalo la netibolo.

Khondelo linali la bwalo la ndege. Musaseke, ndati la ndege! Kampani ina ya malo ogona alendo inalambula tchire kalekale, n'kusalaza mzere wautali wa dothi lofiira, n'kuthira simenti kumapeto kwake poti ndege zizipumirapo, n'kulemba mlonda, kenako n'kuiwala zonsezo. Alendo ake ankangobwera pa basi, n'kumadya tchipisi pa malo opumira a pamsewu ngati anthu ena onse.

Mlondayo ndiye ngwazi yathu: a Howard Kamwendo, Wopenya Mitambo, Mkango wa pa Simenti, Mwini Wenzulo, amene khosi lawo linapindikira kumbuyo kamba koyang'ana kumwamba. Zaka khumi ndi chimodzi anazula zitsamba, anakwirira maenje, anapaka miyala laimu, ndipo m'zaka zonsezo chimene chinaterapo ndi akhwangwala basi. Anthu a m'mudzimo, amene milomo yawo ilibe chivindikiro, anawapatsa dzina loti a Dikirani. Tsono kalata inali itafika yoti mwezi ukatha akapume. Izi zinkawadya mumtima a Howard, ndipo sankabisa: ankaopa kuti tsiku la maliro awo wowerenga mbiri akadzati "malemuwa anagwira ntchito kubwalo la ndege," anthu adzaphulika kuseka kumanda komweko. Ankafuna ndege imodzi, imodzi yokha, itere iwo akadali pantchito.

Ndiye Lachiwiri lina foni inalira. Abwana a ku kampani anati Lachinayi, 2 koloko masana, kubwera kandege kali ndi alendo anayi, bwalo likhale loyera. A Howard anayankha "inde bwana" kasanu ndi kawiri ataima njo, ngakhale abwanawo anali atadula kale.

Koma pa khondepo panali mtundu wina umene unakhazikika osapempha. Amayi a m'mudzimo anazindikira kalekale kuti m'dera lonse la mchenga limenelo malo okhawo oyanikapo mphale osalowa dothi ndi pa simenti ya ndege, ndipo a Howard ankayang'ana kumbali, poti ngakhale akazi awo a Tikhala ankayanika pomwepo. Mtsogoleri wa mtunduwo anali mayi Asiatu, Mwera wa ku Makanjira, Wosagwadira Kondakitala, Mwini Lona Wamkulu Wabuluu, amene mawu awo ankamveka ku chigayo iwo ali ku mjigo. Mwana wawo Safia ankakwatiwa Lamulungu, ndipo mphale ya matumba atatu yodyetsa alendo a ukwati inali m'madzi, yoyenera kuvuulidwa Lachinayi m'mawa. Aliyense amene anakulira pakhomo akudziwa kuti mphale yovuula siidikira ndege, ikapanda kuona dzuwa imanunkha.

Lachitatu a Howard anakwera pa chulu cha pafupi ndi mjigo, anaimba wenzulo, nalengeza kuti mawa pasaoneke lichero, mphasa kapena lona pa nthaka ya kampani. Amayi anapitiriza kupopa madzi.

Kutacha Lachinayi, Wopenya Mitambo anavala zankhondo: jombo zimene anazipukuta ndi mafuta ophikira, chovala chachikasu chonyezimira chimene chinagona m'sutikesi zaka khumi ndi chimodzi, ndi chipewa chimene mphemvu zinachidya mlomo. Atafika pabwalo dzuwa lili pamutu, kalanga ine, khonde lonse linali mbuu! Anaimba wenzulo mwaukali, ndipo magulu ang'onoang'ono a adani anabalalika, aliyense akukokera mphasa yake kutchire. A Tikhala nawo anawola yawo akung'ung'udza. Anatsala ndi mayi Asiatu okha, atakhala pakona pa lona wawo, miyendo atatambasula.

"Amake Safia!" anafuula a Howard atakweza dzanja. "Imvani, ndipo mapiri a kumadzulo akhale mboni! Simenti iyi sinathiridwe chifukwa cha phala. Lero maiko akunja akutera pano, ndipo ine amene ndinapatsidwa udindo woyang'anira mpweya wonse kuyambira pa mlambe uwo mpaka ku mgwalangwa uko, ndikuti chotsani mphale yanu ndisanawerenge katatu!"

Mayi Asiatu anadzuka pang'onopang'ono, namanga chitenje m'chiuno kawiri, chimene kwathu kuno ndi chizindikiro choti zokambirana zatha.

"Ngwamba!" anatero m'Chiyawo, kenako anamasulira okha. "Ndakana, a Dikirani! Wallahi, Safia anali ku pulayimale pamene munayamba kutiuza kuti ndege ikubwera. Lero wakula, akukwatiwa, ndege yanu ikadali panjira. Achibale a mwamuna akubwera pa lole kuchokera ku Makanjira, ndikawadyetsa chiyani, wenzulo wanuyo? Ikafika muiuze idikire mphale iume, nayonso iphunzire kudikira ngati inu."

Dzina lija linawalasa a Howard pamalo pamene panali kale bala. Sanawerengenso katatu. Anagwira makona awiri a lona, mayi Asiatu anagwira enawo, ndipo panayamba kukokana kumene anthu a ku Nkope adzakukamba mpaka zidzukulu. Uyu akoka n'kutchula kampani, uyu akoka n'kutchula Mulungu. Fumbi linakwera, jombo imodzi inavuka. Kenako lona anang'ambika pakati, phwee! ndipo mayi Asiatu anakhala pansi mwadzidzidzi ali ndi kansanza m'manja, pamene a Howard anatsala ndi chigawo chachikulu, mphale yonse ili m'menemo.

Munthu wanzeru akanaikokera pambali n'kupepesa. Koma mayi Asiatu anadzuka ndi lichero m'manja, maso ali psuu, ndipo Mkango wa pa Simenti unaona kuti ndi bwino kusuntha nkhondoyo. Njira yosalala yothawira inali imodzi yokha, mzere wa ndege womwewo. Anaponya makona a lona paphewa n'kuliyatsa liwiro, jombo imodzi kuphazi, mayi Asiatu pambuyo akutchula mayina a makolo a a Howard mmodzimmodzi. Ngwazi yathu inkamva katundu akupepuka, n'kumati ndi mphamvu zimene Yehova akuwonjezera. Osadziwa kuti mphale ikutayikira pong'ambika paja, kuchokera pa khonde mpaka kumapeto kwa bwalo.

Atafika ku mgwalangwa anatembenuka. Mdani anali ataima pakati pa njira, manja ali kumutu. Khonde linali loyera, lopanda kanthu. A Howard anaimba wenzulo katatu, kulengeza kuti apambana.

Ha! Wenzulo wachitatu asanazirale, tchire linayamba kuyenda. Mbuzi za kwa Nkope, mbuzi za kutsidya kwa msewu, mbuzi zimene eni ake ankati zinatayika chaka chatha, zonse zinatulukira, nkhuku ndi nkhunda zili pambuyo. Patsogolo pa gulu lonselo panali tonde wandevu, wonunkha ngati tchimo, ndipo a Howard anamuzindikira bwinobwino poti anali wawo.

Apo ndi pamene kunamveka kulira kumene anakudikira zaka khumi ndi chimodzi.

Kandege koyera kanatulukira pamwamba pa mapiri, kakutsika. A Howard anathamanga, anakuwa, anagenda ndi jombo yotsalayo. Akathamangitsa za kuno, za uko zabwerera. Anagwira tonde pa nyanga, tonde anawagwetsa n'kupitiriza kudya. "Chonde, abale anga!" anatero Mwini Wenzulo akupempha mbuzi, atagwada m'fumbi. Kandege kanadutsa pamwamba pa mitu yawo moti chipewa chinauluka, kanazungulira, kanabweranso, kanazunguliranso kachitatu, ndipo woyendetsa ataona kuti pansipo pali msika wa ziweto, anakweza mphuno n'kubwerera kumene anachokera.

Kunkangomveka mano a mbuzi. A Howard anakhala pansi n'kulira, kulira kwenikweni kwa misozi ndi mamina, munthu wamkulu wa zidzukulu. Chapatali mayi Asiatu nawo ankalira, akutola mphale imodziimodzi m'dothi pakati pa miyendo ya mbuzi. Madzulo ake foni inaliranso, abwana anati bwalolo alitseka, ndipo chovala chachikasucho akhoza kusunga.

Mtendere unabwera ndi a Tikhala, amene analowa m'nyumba Lachisanu m'mawa n'kupeza amuna awo atafunda bulangete m'kutentha konse kuja.

"Bambo a Keti, dzukani," anatero. "Ndege yapita, koma mwana wa eni ake akukwatiwa mkuja, ndipo mwawatayira chakudya ndinu. Ine manyazi amenewa sindigona nawo. Mphale yanga ndapereka, amayi anzanga asonkha yawo. Inu munyamula matumba kupita nawo ku chigayo, masana, kudzera pamsika. Ndipo tonde wanu uja wakhuta mokwana."

Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Loweruka tonde anapita kwa shehe kukachinjidwa mwa mwambo, kuti Asilamu ndi Akhristu amudye onse popanda wonyinyirika.

Ndipo Lamulungu, pa khonde lomwelo la simenti, pansi pa malona osokereredwa, panachitika phwando limene mafumu a kale akanalisirira. Lole ya ku Makanjira inafika itadzaza mpaka pamwamba. Safia anawala, mwamuna wake anatuluka thukuta. Mapoto atatsitsidwa, pangano la mtendere linawerengedwa mokweza pamaso pa mitundu iwiriyo: kuti khonde ndi la mphale masiku onse a sabata, kupatula tsiku limene ndege idzatere, pamene amayi adzachotse malona awo mosawiringula. Anthu anaomba m'manja ndi kululutira, onse akudziwa kuti bwalo linatsekedwa Lachinayi. Mayi Asiatu anasainira ndi chala chonyowa ndi msuzi wa tonde.

Kenako anapempha a Howard kuti alankhule. Anaima, atavala chachikasu chija, ndipo anthu anakonzeka kuseka. Koma mawu aakulu onse anali atawathera.

"Abale anga," anatero motsitsa, "ine ndikupuma mawa. Sinatere, ndikuvomera. Koma inu munali kutali, ine ndinali pansi pake penipeni, ndinaona ndi maso angawa. Matayala inali itatulutsa kale. Onse atatu. Inkabwera kwa ine ndithu."

Pamphasa ya kutsogolo panali a Zubair, mlongo wawo wa mayi Asiatu, amene ananyamulapo katundu zaka zisanu kubwalo lalikulu la ndege ku Blantyre, munthu amene sanalolepo kuti chimene akuchidziwa chimuwolere m'kamwa. Iwo ankadziwa bwino kuti tindege tating'ono ngati timeneto matayala ake sabwerera m'kati, amangolendewera choncho kuchokera ku fakitale mpaka tsiku lotayidwa. Anameza msanga, anapukuta pakamwa, nakweza chala.

"Pepani a Howard, komatu tindege timeneto matayala ake sa..."

Mayi Asiatu, amene mphale yawo inadyedwa ndi mbuzi chifukwa cha munthu yemweyo, anafika ndi chipande chodzaza n'kukhuthulira mpunga m'mbale ya mlongo wawo mpaka kusefukira pa thalauzi.

"Idyani, achimwene," anatero akuwayang'ana m'maso. "Za ndege amadziwa ndi a Howard."

A Zubair anatsitsa chala n'kuyamba kudya. A Howard anayang'ana anthu onse, ndipo poona kuti palibe amene waseka, anakhala pansi n'kupempha madzi osamba m'manja.