Ometa Amene Ankawerenga Zaka ndi Chimbale

Anthu ena amawerenga zaka kuyambira tsiku lobadwa. Malemu a Chivomezi, ometa tsitsi aja, ankawerenga kuyambira tsiku limene chimbale chawo chokondedwa cha nyimbo zaphokoso za roko chinatuluka. Ukwati wawo? Zaka zitatu chimbale chitatuluka. Mwana woyamba? Zaka zisanu. Akazi awo anangovomereza kuti pamtima pa bambowo iwo ndi achiwiri.

Amene sanavomereze ndi mayi telala a chipinda choyandikana, omwe ankasiyana ndi sipika ya ometawo ndi khoma la mabolodi basi. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha padziko lapansi: bata. M'malo mwake ankalandira magitala olira ngati macheka ndi bambo wina wokuwa kosalekeza. Mapini ankavina okha m'mbale.

Akapita kukadandaula, ankabwerako ndi phunziro laulere la mbiri. A Chivomezi ankafotokoza mmene anaimira pamzere mvula ili pamsana, mmene anajombera mayeso kuti akhale oyamba kugula chimbalecho, ndi mmene dziko linasinthira tsiku limenelo. Dzikolo silinauzidwe mpaka lero.

"Mwaimva ng'omayo, achemwali? Imeneyi si nyimbo, ndi mankhwala."

"Nanga bwanji mutu ukundiwawa?"

"Ndiye kuti ayamba kugwira ntchito."

Chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira kutuluka kwake, ankachiliza kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, kuimitsa kosaloledwa. Chaka china gitala inawalowa m'magazi makina ometera ali pamutu pa aphunzitsi ena. A Chivomezi anagwedeza mutu, dzanja linatsatira, msewu n'kutseguka kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo. Anapepesa m'malo mwa woimba gitalayo, kenako anangomaliza kumeta mpala. Mayi telala anati basi, makasitomala athawa, mtendere wafika. Aphunzitsiwo anabweranso mwezi wotsatira, atatenga ndi mnzawo.

Mtendere unafika Lachiwiri lina, mtima wa a Chivomezi utaima ali mkati mosesa tsitsi. Chipindacho chinatengedwa ndi wometa wina waulemu, wolankhula monong'ona. Mayi telala anapeza chimene anachipempha zaka makumi atatu, ndipo chinawapweteka. Tsiku lonse ankangomva makina awo osokera ndi kupuma kwawo, popanda woti amukwiyire.

Sabata yachitatu anakaima pakhomo pa wometa watsopanoyo, manja ali m'chiuno.

"Kodi inu, wailesi mulibe?"